Galimoto Yanga Yaliwiro Imene Inafera Mazira a Chipani

Pali bodza limene lakhala likuyenda m'mbali mwa nyanja muno kwa zaka zambiri, kuchokera ku Senga Bay mpaka pa boma la Salima, ndipo ndatopa nalo. Amati galimoto imene ndinapanga ine inali yaulesi, yoti inalephera ngakhale kuwoloka njanji. Ambiri mwa anthu onena zimenezi anakwera nawo galimotoyo tsiku limene inafa, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene ndinamuitana.

Ku koleji ndinachoka ndisanamalize. Sindikonda kunena kuti anandichotsa, mawu amenewo ndi aukali. Tinangogwirizana. Aphunzitsi anati mtima wanga suli pa maphunziro, ine ndinati akunena zoona, ndiye poti panalibenso chokanganirana, mlonda anandithandiza kunyamula sutikesi mpaka pa geti. Ndinabwerera kwa malume anga ku Senga Bay ndi theka la nzeru za injini, komanso magazini imodzi ya ku Amereka imene ndinaiwala kubweza kwa mwini wake.

Magaziniyo inkakamba za mpikisano umene ndinali ndisanaumvepo. Galimoto ziwiri zimaima pamzere umodzi, munthu agwetsa nsalu, zithamanga kamtunda kakafupi kowongoka, yoyamba kufika ndiyo yapambana. Palibe kukhota, palibe kubwerera, palibe kuima kuti unyamule apongozi a mnzako. Ndinaona kuti umenewu ndiye mpikisano wa munthu ngati ine, amene zinthu zazitali sindizimaliza.

Masiku amenewo magazini iliyonse yolowa m'dziko inkayamba yadutsa m'manja mwa akuluakulu oteteza maso athu, amene ankapaka inki yakuda pa ntchafu za mkazi aliyense wovala zazifupi. Tsoka lake, Aamereka ali ndi chizolowezi choimika atsikana pafupi ndi injini. Mkulu amene anagwira magazini yanga anali wodzipereka pa ntchito. Pofuna kundipulumutsa ku ntchafu, anaphimba ndi kabuleta yomwe, kachida kamene kamamwetsa injini petulo. Choncho zimene zinali pansi pa inkiyo ndinkangoganizira, zonse ziwiri.

Malume anali ogulitsa nsomba zouma, munthu wosaphonya swala ku mzikiti, wolankhula pang'ono. Kuseri kwa nyumba yawo, patsinde pa mtengo wa mango, panali pikapu yakale imene inafa ine ndili ku sekondale. Nkhuku zinali zitaigawana kale, zoikira kutsogolo, zogona kumbuyo.

"Malume, pikapu ija mundipatse ndiyeseko."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, monga ankayang'anira utaka umene akuukayikira kuti sunaume.

"Tenga. Ikadzuka izidzanyamula usipa kupita ku Lilongwe. Mwina sukulu yako ija ingabale kanthu."

Sindinayankhe. Kunamiza malume ndi tchimo, koma kukhala chete ndi ulemu.

Pa boma, pafupi ndi siteshoni ya sitima, ndinali ndi mnzanga wowotcherera zitsulo, wamkulu pang'ono kwa ine, munthu amene akaona chitsulo chilichonse funso lake loyamba linali lakuti, "Tidule pati?" Nditamuonetsa magazini, anaiunika kaye pa dzuwa pamalo a inki paja. Atalephera kuona kanthu, anavomera kundithandiza.

Ndalama tinalibe, ndipo sindikudzichepetsa ayi. Zonse tinkachita kusinthanitsa. Injini ndinaipeza ku Chinguluwe. Galimoto ya alangizi a thonje inali itagubuduzikira mu ngalande, ndipo mlimi wina anagula mtembo wake pongofuna matayala a ngolo. Injiniyo, ya masilinda asanu ndi limodzi, yaitali ngati mtondo wogoneka, anaiika kuseri kwa khola n'kumamangirirapo mwana wa ng'ombe. Ndinamukonzera njinga, ndinamukonzera wailesi, ndinaonjezera dengu la utaka limene malume anakhulupirira kuti linadyedwa ndi amphaka. Makabuleta awiri tinazula m'galimoto zakufa kuseri kwa galaji. Mapaipi a ekizozi, otulutsira utsi, tinadula pa mjigo wina umene unasiya kutulutsa madzi kalekale, ndipo sitinaike chochepetsa phokoso, moti injini ikalira, akhwangwala a pa doko ankasamuka.

Wolemera amagula liwiro m'sitolo. Wosauka amalipeza pochotsa katundu. Ichi ndicho chiphunzitso chimene tinatsata mokhulupirika. Tinachotsa bodi yakumbuyo yonse, kutsala mafupa awiri achitsulo. Tinachotsa zitseko, magalasi, boneti, mabampala, tayala lapadera, mpando wa wokwera. Thanki ya petulo tinaichotsa n'kuikapo chitini cha mafuta ophikira. Mnzanga uja ankayenda mozungulira ndi sowo yake ngati wodula nyama pa ukwati, akufunsa, "Ichi chikugwira ntchito yanji?" Ndikazengereza kuyankha, chinali chitagwa kale.

Msuweni wanga, mwana wamkazi wa malume, ankayanika usipa pa thandala chapafupi, ndipo pakamwa pake panali pakuthwa kuposa sowo ija. Monga mwa chisuweni, ankanditchula mwamuna wake.

"Amuna anga, kodi mukumanga kapena mukuphwasula? Dzulo inali ndi zitseko."

"Zitseko zimalemera, akazi anga."

"Nanga mpando wanga uli kuti?"

"Inunso mumalemera."

"Eee, koma sukulu! Anzanu akaphunzira amaonjezera, inu mukuchotsera. Mawa tidzakupezani mwatsala ndi chiwongolero chokha, mukuthamanga nacho wapansi, pakamwa mukuchita vuuu."

Pali zinthu ziwiri zimene ndikufuna mumve bwino, chifukwa ndi pamene pagona mlandu wonse. Choyamba, injini yatsopanoyo inali yaitali kuposa malo ake, moti mphuno yake inakagunda radiyeta. Fani, chopemerera chija chimene chimaziziritsa madzi a injini, inasowa pokhala, ndiye tinaichotsa. Uku sikunali kulakwitsa. Galimoto yothamanga kamtunda kakafupi sifuna fani. Mphepo ya liwiro imaipemerera yokha, ndipo isanaganize n'komwe zotentha, mpikisano watha. Chachiwiri, kilatchi tinaiika masipuling'i olimba a lole kuti isaterereke ponyamuka. Zotsatira zake inkadziwa zinthu ziwiri basi: kuima, ndi kudumpha ngati mbuzi yolumidwa ndi mavu.

Wopikisana naye sanavute kupeza. Panali dalaivala wina wa ku Lilongwe amene ankabwera kudzatenga chambo chachiwisi cha bwana wake pa pikapu yatsopano ya ku Japani. Ankavala magalasi akuda ngakhale kuli mvula, ndipo ankayendetsa chigongono chili panja. Anandipeza m'tiyirumu pa boma ndikumwa tiyi wopanda sikono.

"A koleji! Ndamva mukumanga ndege. Mapiko mwaika kale?"

"Ikadzakudutsani mudzayang'ane nokha."

"Chopanda zitseko chija? Achimwene, ine ndimadutsa mabasi ndikusenda nthochi."

"Ndiye tikumane. Nthochi ndibweretsa ndine."

Tinapangana pamaso pa anthu onse a m'tiyirumu kuti Lamulungu masana, pamsewu wa ku nyanja, tidzathamanga kuyambira pa kamlatho mpaka pa mlambe waukulu, pamene msewu wawongoka ngati bango. Sitinabetcherane kanthu. Juga ndi haramu, ndipo malume akanamva akanandiperekeza pa geti nawonso. Ine ndinkafuna chinthu chimodzi chokha: kuti anthu amene ankandiitana "a koleji" akuseka aone ndi maso awo kanthu kamodzi kamene ndamaliza.

Nthawi imeneyo petulo ankasowa, chifukwa nkhondo ya kwa anansi athu inali itasokoneza njanji. Asodzi a maboti a injini anabwerera ku nkhafi. Ine ndinatolera pang'onopang'ono, kabotolo apa, kabotolo apo, kwa anthu amene ndinawakonzera zinthu, mpaka chitini chija chinadzaza. Anali wokwanira mpikisano basi. N'chifukwa chake poyesa ndinangolawa giya yoyamba ndi yachiwiri, pakanjira ka kuseri kwa mathandala. Ndikunena pamaso pa Mulungu, khosi langa linabwerera m'mbuyo, mchenga unauluka mpaka pa usipa wa msuweni wanga, ndipo mnzanga wowotcherera anakhala pansi n'kugwira mutu. Giya yachitatu ndinaisungira Lamulungu, monga munthu amasungira malaya a Idi.

Akuluakulu amati chakudza sichiimba ng'oma. Chathu chinabwera ndi ng'oma ndithu, ndi tepi yoyezera m'khosi.

A tcheya a nthambi yathu ya chipani anali telala wa pakhonde la sitolo, munthu amene kale ankandisokera zigamba pa kabudula wa sukulu. Chisankhidwireni anayamba kuyenda manja ali kumbuyo, koma tepi sanaivule. Anafika pakati pa sabata, ine ndili pansi pa galimoto.

"Odi kuno! Salamu alaikumu, akuluakulu."

"Alaikumu salamu, a tcheya," anatero malume, akukoka mpando.

"Sindikhala. Mwamva kuti Loweruka mwini dziko akubwera kudzaona mbewu m'boma lathu lino."

Tinali titamva. Ana asukulu anali atayamba kale kupaka laimu miyala ya m'mbali mwa msewu.

"Galimoto iliyonse ya m'nthambi muno inyamula amayi ovina ndi mphatso. Ndamva pano pali galimoto."

Ndinatuluka pansi paja. "Si galimoto kwenikweni, a tcheya."

"Ili ndi matayala?"

"Ili nawo."

"Imalira?"

"Imalira."

"Tonse timaimva, mpaka mu mzikiti. Ndi galimoto."

Anavula tepi n'kuyamba kuyeza mafupa achitsulo akumbuyo aja ngati akuyeza chiuno cha mkwatibwi. Anati tikakhomapo matabwa ndi zogwirira zansungwi, amayi aimirira bwinobwino. Ndinayesa kuwalongosolera mwaulemu wonse. Ndinati ilibe fani, imadalira mphepo ya liwiro, ikayenda pang'onopang'ono mtunda wautali madzi awira, injini ipsa. Ndinalankhula mofatsa, ndi manja omwe, monga anatiphunzitsira ku koleji miyezi imene ndinalowa m'kalasi.

A tcheya anapinda tepi yawo mosafulumira.

"Ndiye ukutanthauza kuti galimoto yakoyi imakana kuyenda mwaulemu popita kwa mwini dziko?"

Nkhuku zomwe zinakhala chete. Masiku amenewo chiganizo ngati chimenecho munthu ankapita kukachilongosola kutali, ndipo ena analongosola mpaka imvi. Malume anandiponda chala ndi chidendene chawo chonse.

"Iyenda, a tcheya. Mwanayu sukulu inamusokoneza pakamwa. Iyenda mwaulemu."

Atachoka ndinatembenukira kwa malume. "Malume, injini ija ifa. Lamulungu ndili ndi mpikisano."

"Injini ikafa tidzaikwirira pano. Iweyo akakutenga, mayi ako ndidzawauza kuti chiyani?"

Ndinakwiya, ndipo ndikadali wokwiya. Miyezi yonse ija ndinachotsa katundu chitsulo ndi chitsulo, ndiye telala mmodzi ndi tepi yake anabweza zonse, ndi zoonjezera pamwamba. Tinazula matabwa a boti lakale, olemera ndi madzi a zaka zambiri, n'kuwamanga ndi mabawuti. Mnzanga wowotcherera, munthu wobadwira kudula, anakakamizika kulumikiza, ndipo ankagwira ntchitoyo nkhope ili gwa ngati akukumba manda a m'bale wake. Tinayesa kubwezera fani, koma inalibe polowera ngakhale chala. Ndipo petulo uja amene asodzi ankamulira, amene ine ndinamupempha m'mabotolo a mankhwala, anatulukira mu mgolo wathunthu kuseri kwa ofesi ya chipani. Anandithira m'chigubu chachikulu osandifunsa n'komwe ngati ndikumufuna.

Loweruka m'mawa amayi anafika atavala nsalu za chipani, ng'oma zili pamutu. Msuweni wanga anali pakati pawo, pakuti mkazi aliyense wa miyendo iwiri ankayenera kuvina.

"Amuna anga, mpando wanga uja mwaupeza eti?"

Anakwera amene anayezedwa ndi tepi, anakweranso amene sanayezedwe. Inakwera mbuzi yomangidwa miyendo. Kenaka anabwera mazira. Mwambo unali wakuti khomo lililonse lipereke mphatso kwa mwini dziko, ndipo osauka ankapereka dzira. Mazira a nthambi yonse anawaika m'madengu, atawayala m'gaga kuti asagundane. Dengu lalikulu analinyamula a tcheya eni ake, amene anakhala pambali panga pa kampando kamatabwa komangirira ndi chingwe, popeza mtsogoleri sakhala kumbuyo. Matayala akumbuyo anaphwatalala ngati achule.

Ndinaliza injini. Amayi anakuwa ndi chimwemwe, mbuzi inakuwa ndi chifukwa china. Ndinatula phazi pa kilatchi mofatsa, monga munthu amatsitsira mwana wogona. Galimoto inadumpha. Amayi akutsogolo anagwera apakati, apakati anagwera akumbuyo, akumbuyo anapulumutsidwa ndi nsungwi. Ng'oma ina inagubuduka mpaka m'munda wa chinangwa. M'dengu la a tcheya munamveka kaphokoso kakang'ono, ndipo kanthu kachikasu kanayamba kudontha pa thalauza lawo loyera.

"Iwe!" anatero a tcheya. "Awa ndi mazira a mwini dziko. Lina likaswekanso ukalongosola wekha."

Kuyambira pamenepo ndinayendetsa phazi lili theka pa kilatchi, osaiponda, osaitula. Aliyense wodziwa galimoto amadziwa kuti kumeneko n'kuotcha kilatchi pamoto wamakala. Koma ndikanatani? Kumanzere kwanga kunali mazira.

Pamsewu waukulu tinalowa mu mdipiti wa galimoto zochokera m'nthambi zonse za kunyanja. Kutsogolo kwenikweni anaika thalakitala yokoka ngolo yodzaza ana asukulu, ndipo achinyamata a chipani ankayenda m'mbali ndi ndodo kuonetsetsa kuti pasakhale wodutsa mnzake. Nditayang'ana m'mbuyo, popeza kagalasi ndinali nditakachotsa, ndinaona magalasi akuda. Dalaivala wa ku Lilongwe uja anamugwira pa doko, chambo chake anatsitsa, n'kumukweza amayi a nthambi ina. Anandiimbira hutala kamodzi, mwaulemu, n'kundionetsa nthochi.

Msewu umenewo sindinauonepo wokongola chotero. Maenje onse anakwirira. Anasesa ndi matsache. Panalibe njinga, panalibe mbuzi, panalibe woledzera wodutsa. Pa moyo wanga wonse, tsiku limodzi limenelo ndi limene boma linakonza msewu monga ndinkaulotera, ndipo ndinaudutsa pa liwiro la nkhalamba yopita ku chigayo. Tinadutsa pa mlambe, tinadutsa pa kamlatho, pomwepo pamalo a mpikisano, injini yanga ya masilinda asanu ndi limodzi ikubuula mu giya yoyamba, amayi akuimba kumbuyo, agulugufe akutipitirira.

Wotchi yoonetsa kutentha ndinalibe, nayonso inkalemera. Ndinamva ndi mphuno. Poyamba fungo la kilatchi, ngati tsitsi lopsa. Kenaka kanthunzi kanayamba kutuluka pa chivundikiro cha radiyeta.

"A tcheya, pa mjigo apo tiime pang'ono, ndithire madzi."

"Mdipiti suima."

"Pang'ono pokha. Ipsa."

"Ukufuna nthambi yathu ikhale yokha yoima panjira? Anthu adzati chiyani? Yendetsa."

Nthunzi inakula. Mayi wina wachifundo, ataona utsi, anapatsira kutsogolo chigubu chake cha thobwa, ndipo a tcheya, pofuna kuonetsa utsogoleri, anaimirira dengu lili m'khwapa n'kukhuthulira thobwalo pa radiyeta. Ndinakuwa, koma mawu anga anamira mu ekizozi yanga yomwe. Thobwa linalowa m'timabowo tonse todutsa mphepo n'kupsereramo. Kamphepo kochepa kamene kanatsala kanatsekeka. Tinayenda mtunda wonse wotsala tikununkhira chigumu, moti amayi akumbuyo anayamba kufunsana kuti akuphika ndani.

Njanji ikuonekera patali, nyumba za pa boma zitayamba, injini inayamba kugogoda. Inagogoda ngati mlendo waulemu, kenaka ngati wamangawa, kenaka ngati apolisi. Ndinaipempha mumtima kuti ipirire. Ndinailonjeza za mawa. Inakhosomola kawiri, inanjenjemera thupi lonse, inaima. Pamene panali phokoso lija panatsala kulira kwa chitsulo chozizira, ti, ti, ti, ndi mbuzi.

Ndinavula chipewa.

"Liza!" anatero a tcheya.

"Yafa."

"Yafa bwanji pamaso pa anthu? Liza!"

Mahutala anayamba kumbuyo konse. Achinyamata a ndodo anathamangira, anatsitsa amayi, anakankhira galimoto yanga m'ngalande ngati galu wogundidwa. Mazira, mbuzi ndi a tcheya anawasamutsira pa pikapu ya magalasi akuda. Amayi anamaliza ulendo wapansi, ng'oma pamutu, akunditukwana mwa nyimbo. Msuweni wanga yekha anatsalira pang'ono. Anayang'ana injini, anandiyang'ana ine. Anandisiyira mtedza wokazinga m'kapepala n'kuthamangira anzake.

Mwini dziko sindinamuone. Ndinakhala pa matabwa paja kulondera mawaya kuti asabedwe, ndikumva ng'oma ndi nthungululu patali. Ndinagona kwa mnzanga wowotcherera. M'mawa tinayesa kuzunguza injini ndi sipanala yaikulu, awiriwiri, titaonjezera paipi. Sinasunthe. Mapisitoni anali atagwirana ndi masilinda ngati anabadwira pamodzi.

"Ngakhale ine sindingawotcherere bwino chonchi," anatero mnzangayo. "Tidule pati?"

Chakumasana kunabwera pikapu ya ku Japani. Dalaivala anatsika, anavula magalasi, anazungulira galimoto yanga akuyang'ana makabuleta awiri aja ndi mapaipi a mjigo. Kwa kanthawi ndinaona ngati ali ndi ulemu.

"A koleji, ndikupita ku doko kukatenga chambo china, chadzulo chija chinaola. Ndili ndi chingwe. Ndikukokeni?"

Ndinalibe ng'ombe, ndinalibe petulo, ndinalibe injini. Ndinavomera. Chimene ndinaiwala, kapena chimene iye sanaiwale, n'chakuti linali Lamulungu masana, ndipo anthu a m'tiyirumu aja anali atauza abale awo, abale awo anali atauza mudzi wonse. Ambiri a kunyanja sanamve kuti galimoto yafa. Titayandikira pa kamlatho ndinaona khamu m'mbali zonse za msewu, asodzi, ogulitsa mandasi, ana m'mitengo, mpaka shehe wathu ataima patali ngati akungodutsa. Munthu wina anali atanyamula nsalu yogwetsa.

Dalaivala anatulutsa chigongono panja n'kuponda mafuta.

Ndiyenera kuvomereza kuti pikapu yakeyo inkathamanga. Chingwe chinalimba, matabwa a boti anayamba kuimba, mphepo inandilowa m'maso. Limenelo ndilo liwiro lalikulu limene galimoto yanga inaonapo, injini ili chete, giya ili pakati, ine nditagwira chiwongolero ngati mwana wokwezedwa pa njinga. Anthu anakuwa, anaimba m'manja, anathamanga m'mbali. Pa mlambe iye anafika woyamba. Ine ndinafika wachiwiri, kusiyana kwake kunali kutalika kwa chingwe.

Ena amene anaima patali sanachione chingwecho, ndipo kwa masiku angapo ankati ndinayesetsa, ndinangotsala pang'ono. Amenewo ndi amene anandipweteka koposa.

Mukanaganiza kuti nkhani inathera pamenepo, koma m'dziko lathu munthu sangaferedwe osalipira. Uthenga unabwera wakuti nthambi yachita manyazi, amayi anafika atatopa ndipo anavina mofooka, mazira ena anasweka, thalauza la a tcheya silinachoke banga. Mlandu unali wanga. Malume anagwira tambala wamkulu wa pakhomo, anamanga miyendo, anandipatsa kuti ndinyamule.

"Malume, iwo ndi amene apha injini yanga. Anathira thobwa. Munthu aliyense anaona."

"Ndamva."

"Ndiye wopepesa ndi ine?"

"Wopepesa ndi amene ali ndi tambala. Tiye. Ukakafika usakalongosole za fani."

Tinawapeza pakhonde la sitolo akupalasa makina awo osokera. Ndinagwada pa simenti, anthu ogula sopo akuonerera. Ndinapereka tambala ndi manja awiri. Ndinati ndapepesa chifukwa cha mazira, ndapepesa chifukwa cha amayi, ndapepesa kuti galimoto yanga inasowa mwambo n'kufera pamalo osayenera. Mawu onsewo anatuluka bwinobwino, ndipo mpaka lero ndimawamva kukhosi ngati munga wa kampango.

A tcheya anamuyeza tambalayo ndi dzanja, anamupapasa pachifuwa, anagwedeza mutu kuti wanenepa.

"Zatha, mwana wanga. Munthu amalakwa. Amayi akuti ngakhale inawagwetsa, matabwa aja ngotakasuka kuposa a thalakitala." Anabwerera pa makina, kenaka anadzutsa mutu. "Uikonze msanga. Chikondwerero cha ufulu chikubwera, ndipo ulendo uno tikupita ku Lilongwe."

Ndinatsegula pakamwa. Malume anasuntha chidendene chawo kuyandikira chala changa, ndipo ndinatseka.

Titafika kunyumba ndinatenga sipanala, ndinamasula matayala onse anayi, ndinakawapatsa mlimi wa ngolo ku Chinguluwe asanandipemphe n'komwe.